Mpando wa ku Pietermaritzburg: zolemba za ulendo wa ku KwaZulu-Natal

Lolemba, Durban

Basi yochokera ku Johannesburg yatitsitsa muno mu Durban dzuwa litakwera kale, miyendo itatupa. Usiku wonse tinali pa msewu wa N3. Titatsika mapiri a Van Reenen, bambo amene ndinakhala nawo mpando umodzi anandikodola n'kuloza magetsi a tauni ya Estcourt. Anati m'menemo ndi momwe anatsekera Jacob Zuma mu Julaye 2021, khoti litamulamula kukhala m'ndende miyezi 15. Patsogolo pang'ono, pa Mooi River, anandionetsa pomwe malole anayakira moto sabata yomweyo. Chipolowe chimenecho chinapha anthu oposa 350 kuno ndi ku Gauteng.

Ndafikira kwa asuweni anga, atelala, amene akhala kuno zaka zambiri. Chandibweretsa ndi kudzawaona, komanso kudzaponda dziko limene agogo anga aakazi, Angoni a ku Mchinji, ankati ndiko kunachokera makolo awo. Koma pali chinanso. Kumudzi nkhani ya boma la fedulo imabwera n'kupita, ena akuti chigawo chilichonse chikhale ndi boma lakelake, ena akuti zimenezo zigawa dziko. Kuno chigawo chili ndi boma lake kuyambira 1994. Ndikufuna ndione ndi maso anga momwe layendera.

Asuweni andilongosolera tikudya mpunga wa nyemba. Chigawo chino chili ndi anthu pafupifupi 12.4 miliyoni, malinga ndi kalembera wa 2022. Chili ndi nyumba yake ya malamulo ya aphungu 80. Anthu savotera munthu, amavotera chipani, ndipo aphunguwo ndi amene amasankha Premier, nduna yaikulu ya chigawo, iyenso n'kusankha nduna zake zosapitirira khumi. Sukulu, zipatala ndi misewu yambiri zili m'manja mwa boma limeneli, koma ndalama pafupifupi zonse zimachokera ku thumba la boma lalikulu. Ndawafunsa ngati angatchule onse amene akhalapo pampandowo. Aseka, n'kunena kuti: "Asuweni, ngakhale eni dziko ambiri sangathe. Amasinthasintha kwambiri."

Alipo khumi m'zaka 30.

Lachiwiri, Inanda

Ndakwera teksi pa Warwick Junction, pomwe amayi amagulitsa chilichonse, kuyambira mankhwala azitsamba mpaka mitu ya ng'ombe yophika, ulendo wa ku Inanda. Pamwamba pa phiri pali sukulu ya Ohlange, imene anaiyambitsa John Langalibalele Dube, pulezidenti woyamba wa chipani chimene lero ndi ANC. Manda ake ali pompo. Pa 27 Epulo 1994 Nelson Mandela anasankha kudzaponyera voti yake yoyamba pasukulu imeneyi, osati kwawo ku Qunu kapena ku Soweto.

Ndikayang'ana momwe zinthu zinalili chaka chimenecho, ndikuona kuti kubwera kwake kuno kunali kulimba mtima. Chigawo chino chinali pa nkhondo. Otsatira Inkatha ya Mangosuthu Buthelezi ndi otsatira ANC ndi UDF ya kuno, gulu lolimbana ndi boma la tsankho, anakhala akuphana kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo anthu oposa 10,000 anatha. Mandela atangotuluka m'ndende mu Febuluwale 1990 anadzayankhula mu Durban, n'kupempha anthu kuti mfuti, mipeni ndi zikwanje akaziponye m'nyanja. Sanamumvere. Buthelezi anakana chisankho cha 1994 mpaka pa 19 Epulo, kutangotsala sabata imodzi, pamene Mkenya wina, Washington Okumu, anathandiza kuti agwirizane. Mapepala ovotera anali atasindikizidwa kale, moti dzina la IFP, chipani cha Inkatha, anachita kumata ndi timapepala m'munsi mwa pepala lililonse.

M'chigawo chino IFP inapeza mavoti okwana 50.3 peresenti, mipando 41 mwa 81. ANC inapeza mipando 26. A ANC ambiri ankati m'midzi ina munachitika zachinyengo, koma akuluakulu awo anavomereza zotsatirazo kuti magazi asapitirire kukhetsedwa. Premier woyamba anali Frank Mdlalose, dokotala wa ku Madadeni, munthu wofatsa amene paunyamata wake anali m'gulu la achinyamata a ANC. M'boma lake munali nduna za zipani zonse ziwiri, ndipo nduna ya zachuma ndi zokopa alendo inali Jacob Zuma. Awiriwa ankayendera limodzi m'midzi momwe anthu ankaphana, kukhala pansi ndi mafumu, kupita kumaliro a mbali zonse. Anthu ali ndi zambiri zomunenera Zuma, ndipo zina n'zomveka, koma ntchito imene anagwira ndi Mdlalose inapulumutsa miyoyo. Sindikuona chifukwa choibisira.

Mdlalose sanamalize zaka zake zisanu. Anatula pansi udindo mu 1997, kenako anakakhala kazembe ku Egypt. Amene anamulowa m'malo, Ben Ngubane, anali dokotalanso.

Lachitatu, Pietermaritzburg

Kuchokera ku Durban ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 80, wokwera wokhawokha. Mzindawu uli m'chigwa, ndipo masana kumatentha kopanda kamphepo. Anaukhazikitsa ndi Mabunu cha m'ma 1838, n'kuutcha maina a atsogoleri awo awiri, Piet Retief ndi Gert Maritz. Angelezi analanda dera lonseli mu 1843.

Nyumba ya malamulo ili pa msewu wa Langalibalele. Kutsogolo kwake kwaima chiboliboli choyera cha Mfumukazi Victoria, atanyamula ndodo yachifumu, nkhunda zikutera pamutu pake. Ndaima pamenepo nthawi yaitali. Langalibalele anali mfumu ya Ahlubi imene boma la atsamunda linaizenga mlandu mumzinda womwe uno mu 1874 n'kuitumiza kundende ya pa chilumba cha Robben Island. Lero msewu ndi wa dzina lake, chiboliboli n'cha amene anam'manga, ndipo aphungu a zipani za MK (chipani cha Zuma), IFP, ANC ndi DA (Democratic Alliance) amadutsa pakati pa ziwirizi polowa m'nyumbamo.

Natal inayamba kudzilamulira yokha ngati dziko la atsamunda mu 1893, nduna yaikulu yoyamba ali John Robinson, mwini nyuzipepala ya Natal Mercury. Chaka chomwecho, pa siteshoni ya sitima ya mumzinda uno, anamutsitsa Gandhi m'sitima chifukwa cha khungu lake. Ndapitako, ndi pafupi, chipinda chodikirira chija chikadalipo. Kudzilamulira kumeneko kunali kwa azungu okha. Anthu akuda ololedwa kuvota anali oti n'kuwawerenga ndi zala, ndipo Amwenye, amene anayamba kubwera mu 1860 kudzalima nzimbe, anawatsekera khomo la voti mu 1896. Pa nthawi ya nduna yaikulu Charles Smythe boma linaika msonkho wa paundi imodzi pa mutu wa mwamuna aliyense. Mfumu Bambatha wa Azondi anakana, ndipo mu 1906 asilikali anapha Azulu oposa 3,000, mazanamazana mwa iwo m'chigwa cha Mome kufupi ndi Nkandla. Nduna yaikulu yomaliza inali Frederick Moor. Mu 1910 Natal inasanduka chimodzi mwa zigawo zinayi za South Africa, ndipo kuyambira pamenepo wolamulira chigawo ankachita kusankhidwa ndi boma lalikulu ku Pretoria. Woyamba kupatsidwa udindowo anali Smythe yemwe uja.

Azungu a ku Natal ankadziona ngati Angelezi enieni. Pa referendamu ya 1960, yofunsa ngati dziko lisiyane ndi ufumu wa Britain, chigawo chino chokha ndicho chinakana. Mtima wofuna kudziimira pawokha unalipo kale kuno, kungoti aliyense ankaufuna pa zifukwa zake.

Madzulo ndinatsikira ku Edendale, m'chigwa cha kumadzulo kwa mzinda. Mu Malichi 1990 kunachitika nkhondo ya masiku asanu ndi awiri: magulu a Inkatha anatsika m'mapiri a Vulindlela ndi mfuti ndi mikondo, anthu oposa 100 anaphedwa, nyumba zinatenthedwa, zikwizikwi anathawira m'matchalitchi. Chipatala chachikulu cha kumeneko lero chili ndi dzina la Harry Gwala, mtsogoleri wa ANC wa dera lino amene sankakhulupirira zokambirana ndi Inkatha. Mayi wina wogulitsa magwinya, mandasi akuluakulu a kuno, anandifunsa kumene ndachokera. Nditatchula Malawi anamwetulira, koma nditafunsa za 1990 anapukuta manja pa epuloni n'kuloza phiri. Anati iwo anali mtsikana wa sukulu, anathawa ndi mng'ono wawo kumbuyo, nsapato imodzi itatsala m'matope. Sanawonjezere china, ndipo sindinawakakamize.

Lachinayi, Ulundi

Ulendo wa lero unali wautali: kubwerera ku Durban, kutsata nyanja pa N2, kuwoloka mtsinje wa Thukela, kenako kukhotera kumtunda kudzera ku Eshowe ndi Melmoth. Minda ya nzimbe imatha, pamabwera mitengo ya bulugama, kenako msewu umatsikira m'chigwa chouma cha Mfolozi Woyera, cha minga ndi mbuzi. Thukela ndiwo unali malire akale pakati pa Natal ndi ufumu wa Azulu.

Ndayamba ndi ku Ondini, likulu la Mfumu Cetshwayo. Angelezi atagonjetsedwa ku Isandlwana pa 22 Januwale 1879 anabwerera ndi mphamvu, ndipo pa 4 Julaye anapambana nkhondo ya Ulundi n'kutentha mudzi wonse wa mfumu. Motowo unawotcha dothi la pansi pa nyumba mpaka kulimba ngati njerwa, n'chifukwa chake malo a nyumba iliyonse akuonekabe, ozungulira, ndi chiziko chake pakati. Zina anazimanganso ndi udzu. Mu 1897 dziko lonse la Azulu analipereka ku Natal.

Si mwangozi kuti boma la KwaZulu linadzamanga likulu lake pafupi pomwepa. Boma la tsankho linkafuna mtundu uliwonse wa anthu akuda ukhale ndi kadziko kake, kuti ku South Africa weniweni akhale alendo. KwaZulu inali zidutswazidutswa za malo zomwazikana pakati pa minda ya azungu. Buthelezi anaitsogolera kuyambira 1970 mpaka 1994, poyamba ali ku Nongoma, kenako kuno. Mwa timaiko tina totere, Transkei inalandira ufulu wabodza uja mu 1976, Bophuthatswana mu 1977, Venda mu 1979, Ciskei mu 1981, koma iye anakana. Anthu a kuno amanyadira kwambiri zimenezi, ndipo ali ndi mfundo: akanavomera, Azulu mamiliyoni akanataya unzika wa dziko lawo. Inkatha anaiyambitsa mu 1975, ndipo mwiniwake ankanena kawirikawiri kuti Kenneth Kaunda ndi amene anamulangiza, atapita ku Lusaka, kuti akhazikitse gulu la anthu olembetsa umembala.

Koma mbali inayo siingafufutike. KwaZulu inali boma la chipani chimodzi, lokhala ndi apolisi akeake. Ife amene tinakula nthawi ya makhadi a chipani tikudziwa kuti zimenezi zimatanthauza chiyani pamsika ndi pachipatala. Mu 1986 asilikali a boma la tsankho anaphunzitsa mwachinsinsi anyamata a Inkatha pafupifupi 200 ku Caprivi, dera la ku Namibia, ndipo komiti yofufuza choonadi ya Desmond Tutu inapeza kuti ena mwa iwo anagwiritsidwa ntchito yopha anthu. Buthelezi anamwalira pa 9 Sepitembala 2023 ali ndi zaka 95. Ku Ulundi amamulira ngati tate. Ku Edendale dzina lake silitchulidwa mwachikondi. Ndayenda malo onse awiri m'masiku otsatizana, ndipo sindingauze aliyense wa iwo kuti aiwale zomwe anaona.

Lachisanu, Ulundi ndi Nongoma

M'mawa ndapita kukaona nyumba ya malamulo yakale ya KwaZulu. Ndi chinyumba chachikulu, chozunguliridwa ndi maofesi ndi nyumba zimene ankagonamo nduna ndi aphungu. Kwa zaka khumi kuchokera mu 1994 chigawo chino chinali ndi malikulu awiri. IFP inkati likulu ndi Ulundi, ANC inkati Pietermaritzburg, ndipo aphungu, akalaliki ndi mafayilo ankangoyenda pamsewu wa maola ambiri uja. IFP inkafunanso mphamvu zochuluka za chigawo. Mu 1996 nyumba ya malamulo inalemba malamulo akeake oyendetsera chigawo, koma khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linawakana, ponena kuti chigawo chikudzipatsa mphamvu zomwe si zake.

Ngubane anakhala pampando zaka ziwiri zokha. Mu Febuluwale 1999 chipani chinamubweza ku Pretoria kukakhala nduna ya zachikhalidwe ndi sayansi, ndipo amene anali pa unduna umenewo, Lionel Mtshali, anabwera kudzakhala Premier. Anangosinthanitsidwa. Palibe wovota amene anafunsidwa.

Za Mtshali ndizilemba motalikirapo, chifukwa ndi iye amene wandisonyeza phindu la boma la chigawo. Anali mphunzitsi, munthu wouma mutu, wosanyengerera. Ankadzudzulidwa chifukwa choyenda pa ndege ya boma pakati pa Ulundi ndi Durban, ndipo mu 2002 anachotsa nduna ziwiri za ANC n'kuikapo za DA. Koma chaka chomwecho anachita chinthu chachikulu. Nthawi imeneyo boma la Thabo Mbeki linkazengereza kupereka mankhwala a nevirapine, oteteza mwana kuti asatengere kachilombo pobadwa, kwa amayi oyembekezera amene ali ndi HIV, likumangowapereka m'zipatala zochepa zoyeserera, pamene chigawo chino ndicho chinali ndi matendawa kuposa china chilichonse. Mu Januwale 2002 Mtshali analengeza kuti KwaZulu-Natal iyamba kupereka mankhwalawo, boma lalikulu lifune lisafune. Nduna yake ya zaumoyo, Zweli Mkhize wa ANC, inali mbali ya boma lalikulu pa mlandu umene bungwe la TAC, lomenyera anthu amene ali ndi HIV kuti azilandira mankhwala, linasuma, ndipo Mtshali anapita yekha kukhoti kukanena kuti woyankhulira chigawo ndi iye. Mu Julaye 2002 khoti lalikulu linalamula kuti mankhwalawo aperekedwe dziko lonse. Aliyense amene anaika mwana m'manda zaka zimenezo, kuno kapena kwathu, akudziwa kulemera kwa miyezi ingapo yoteroyo. 

Mu 2004 ANC inapeza mipando 38, IFP 30. S'bu Ndebele, amene anakhalapo zaka khumi ku Robben Island, anakhala Premier, ndipo likulu linasamukira ku Pietermaritzburg kotheratu. Bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye pa benchi kunja kwa sitolo, wopuma pa ntchito ya ukalaliki, anandiwerengera zomwe zinachoka ndi boma: malo ogona alendo anasowa anthu, nyumba za lendi zinatsala zopanda okhalamo, ana awo anatsatira ntchito kumzinda. Anandifunsa ngati kwathu zoterezi zinachitikapo. Ndinawauza za Zomba, momwe inazizirira likulu litapita ku Lilongwe mu 1975, aphungu n'kutsatira pambuyo pake. Anagwedeza mutu. Kwathu timati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo ndikuvomereza kuti malikulu awiri anali kuwononga ndalama, koma wogonja pa nkhani imeneyi anali wogulitsa tomato wa ku Ulundi.

Masana ndakwera teksi ya ku Nongoma, makilomita ngati 55 kumpoto. Tauniyi ili pamsana pa phiri, msewu umodzi wodzaza anthu, magalimoto ndi ng'ombe. Kuno kunali kwa Zwide, mfumu ya Andwandwe. Shaka atamugonjetsa cha m'ma 1819, m'modzi mwa akazembe ake, Zwangendaba Jere, ananyamuka ndi anthu ake kulowera kumpoto, n'kukawoloka Zambezi mu Novembala 1835 tsiku limene kadamsana anagwira dzuwa. Mpezeni ndi M'mbelwa ndi ana ake. Ndaima pambali pa msewu kuyang'ana zigwa, ndikuganiza za agogo anga ndi nyimbo za ngoma zomwe ankaimba osadziwa tanthauzo la mawu onse. Mnyamata woyendetsa teksi nditamuuza mfunda wa agogo anandigwira chanza kawiri n'kunditcha malume mpaka potsika.

Nyumba zachifumu zili mozungulira tauniyi, ndipo apa ndi pamene pali mphamvu yachitatu ya chigawo chino. Mfumu siilamulira boma, koma chaka chilichonse ndi iyo imatsegulira nyumba ya malamulo, ndipo boma la chigawo limapereka mamiliyoni a marandi osamalira banja lachifumu. Kutangotsala masiku ochepa chisankho cha 1994, boma la KwaZulu linakhazikitsa Ingonyama Trust, n'kuika malo okwana mahekitala pafupifupi 2.8 miliyoni m'manja mwa mfumu. Pambuyo pake bungwelo linayamba kusainitsa anthu mapepala a lendi pa malo a makolo awo, mpaka mu 2021 khoti la ku Pietermaritzburg linagamula kuti zimenezo n'zosaloledwa. Mfumu Goodwill Zwelithini anamwalira mu Malichi 2021, ndipo mwana wake Misuzulu analowa ufumu pakati pa milandu ya pachibale. Palibe Premier, wa chipani chilichonse, amene analimba mtima kukhudza nkhani ya malo amenewa.

Loweruka, Eshowe

Ndagona ku Eshowe pobwerera. Kuno n'kozizira, kuli nkhalango ya Dlinza pakati pa tauni penipeni. Chakudya chamadzulo chinali phuthu, nsima youma yoyoyoka, yothira chambiko.

Usiku ndakhala ndikulemba maina a nthawi ya ANC, ndipo ndi pamene chinthu chimodzi chandionekera bwino. Ndebele anamaliza zaka zake zisanu, nthawi imene ankamanga bwalo la ndege la King Shaka ndi bwalo la mpira la Moses Mabhida. Zuma atakhala pulezidenti wa dziko mu 2009, ANC inakwera kufika pa mipando 51 ndipo IFP inatsikira pa 18, pakuti anthu a m'midzi anatsatira mwana wa kwawo. Mkhize anakhala Premier, n'kuyambitsa Operation Sukuma Sakhe, ndondomeko yoti wadi iliyonse ikhale ndi malo okumanirana alangizi a zaumoyo, aphunzitsi, apolisi ndi mafumu kuti aziona mavuto khomo ndi khomo. Koma mu 2013 anachoka kukagwira ntchito ya msungichuma wa chipani ku Johannesburg. Senzo Mchunu analowa. Mu Novembala 2015 anagonja kwa Sihle Zikalala pa mpando wa tcheyamani wa ANC m'chigawo, ndipo mu Meyi 2016 chipani chinamuuza kuti atule pansi. Willies Mchunu anamalizitsa zaka zotsalazo. Zikalala anatenga mpando mu 2019, koma mu Julaye 2022 nayenso anagonja pa msonkhano wa chipani kwa Siboniso Duma, ndipo mwezi wotsatira anachoka. Nomusa Dube-Ncube, mayi woyamba pa udindowu, anakhala zaka zosakwana ziwiri.

Mwa anthu khumi, ndi Mtshali ndi Ndebele okha amene anayamba ndi kumaliza zaka zisanu zathunthu. Ambiri mwa enawo anaikidwa kapena kuchotsedwa ndi nthumwi za chipani mu holo, kapena ndi foni yochokera ku likulu la chipani. Izi zikundivutitsa. Premier amene akudziwa kuti mpando wake uli m'manja mwa nthumwi zosakwana 2,000, osati anthu 12 miliyoni, m'mawa akadzuka amaganiza za ndani? Kale wolamulira Natal ankatumidwa kuchokera ku Pretoria. Lero pali chisankho chenicheni, ndipo kusiyanako n'kwakukulu, komabe chingwe chokokera munthu pampandowo chikadali kunja kwa nyumba ya malamulo.

Ndipo mpikisano wa m'chipaniwo umapha. Mu 2016 Willies Mchunu anakhazikitsa komiti ya Moerane kuti ifufuze kuphedwa kwa andale, makamaka makhansala. Ikugwira ntchito choncho, mu Julaye 2017, Sindiso Magaqa, khansala wa ku Umzimkhulu amene anali mlembi wamkulu wa achinyamata a ANC, anawomberedwa, n'kumwalira mu Sepitembala. Komitiyo inapeza kuti gwero lalikulu ndi makontirakiti a boma: ukhansala ndiwo khomo la makontirakiti, ndipo m'dera lopanda ntchito anthu amalemba aganyu a mfuti kuti alowe pakhomopo. Mu Julaye 2025 mkulu wa apolisi m'chigawo chino, Nhlanhla Mkhwanazi, ananena poyera kuti Senzo Mchunu, amene tsopano anali nduna ya apolisi ya dziko lonse, analamula kuthetsa gulu lofufuza milandu imeneyi pofuna kuteteza anthu ena. Mchunu anakana, pulezidenti anamuika patchuthi n'kukhazikitsa komiti ya Madlanga yofufuza nkhaniyi. M'mateksi dzina la Mkhwanazi limatchulidwa mwaulemu kuposa la wandale aliyense.

Eshowe ili m'boma la King Cetshwayo, limene meya wake mpaka 2024 anali Thami Ntuli wa IFP, ndipo asanatero anali meya wa Nkandla, kwawo kwa Zuma. Pa chisankho cha pa 29 Meyi 2024 chipani chatsopano cha Zuma, MK, chimene chinali chisanathe ngakhale chaka, chinapeza 45 peresenti, mipando 37. IFP inapeza 15, ANC inagwa kuchoka pa 44 kufika pa 14, DA 11, EFF 2, kachipani kakang'ono ka NFP umodzi. IFP, ANC, DA ndi NFP zinaphatikizana n'kukwana 41, ndipo pa 14 Juni Ntuli anasankhidwa ndi mavoti 41 kwa 39. Adani a 1990 analowa m'boma limodzi, nduna ya zachuma inakhala Francois Rodgers wa DA, ndipo boma lonselo linatsamira pa phungu m'modzi wa NFP.

Lamulungu, Durban

Titatuluka m'tchalitchi tinakadya kwa Amalawi anzathu ku Isipingo, kumwera kwa mzinda. Panali nsima ya ufa woyera ndi usipa wobwera pa basi. Nkhani ya fedulo itayamba, anthu anagawikana. Achimwene ena a ku Rumphi anati kumpoto kukanakhala ndi Mtshali wake, misewu ikanamangidwa kale. Mayi wina wa ku Mulanje anati tingangochulukitsa nduna, magalimoto ndi maliro a makhansala. Ine ndinati onse awiri akunena zomwe ndaona sabata ino, ndipo kwathu tikanati tiyese, ndingakonde kuti mtsogoleri wa chigawo azisankhidwa ndi anthu mwachindunji, kuti womuchotsa akhale yemwe anamuika.

Mwini nyumba ankamvetsera chabe. Kenako anatitengera kuseri n'kutionetsa mzere wa matope pakhoma, wofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Ndi wa madzi osefukira a mu Epulo 2022, amene anapha anthu oposa 400, kumiza fakitale ya Toyota ku Prospecton ndi kusiya tauni ya Tongaat yopanda madzi a m'mipopi miyezi yambiri. Masiku amenewo kunamveka kuti galimoto ya madzi yakathira kunyumba kwa Premier Zikalala pamene anthu ankadikira ndi zigubu, ndipo iye anapepesa. Mwini nyumbayo anati chimene amakumbukira pa Zikalala ndi chimenecho basi.

Asuweni sanalankhule zambiri mpaka titakwera teksi yobwerera. Ndi pamene anandiuza za 2015. Mu Malichi chaka chimenecho Mfumu Zwelithini anayankhula ku Pongola, ndipo zinamveka kuti wati alendo amange katundu azipita kwawo. Iye anati anamumva molakwika, koma moto unali utayaka kale. Unayambira ku Isipingo konkuja. Asuweni anathawa usiku atasenza mutu wa makina osokera, chopondera n'kuchisiya, ndipo anagona m'tenti pa bwalo la mpira pamodzi ndi a ku Mozambique ndi a ku Congo. Boma la Malawi linatumiza mabasi, anzawo ambiri anakwera. Iwo anatsala chifukwa ana anali pasukulu. Amakumbukira kuti Premier Senzo Mchunu anatsogolera ulendo wa mtendere pakati pa mzinda pa 16 Epulo, ndipo patapita masiku anayi mfumu inaitanitsa msonkhano ku Moses Mabhida kukauza anthu kuti asiye. Akuti zinathandiza, ngakhale zinabwera anthu atafa kale. Mu 2019 zinachitikanso kwa Amalawi a ku Burnwood, muno mu Durban.

Iwo savota kuno, koma amatsatira nkhani za ku Pietermaritzburg tsiku ndi tsiku pa wailesi ya Ukhozi, singano ili pakamwa, chifukwa amadziwa kuti 41 ija ikasanduka 40 zinthu zikhoza kutembenuka. Chisankho cha makhansala chikamayandikira amayamba kuika ndalama padera ndi kusunga mapasipoti a ana m'chikwama chimodzi, poti nthawi ya kampeni ndi imene alendo amatchulidwa kwambiri pa misonkhano.